Tsiku Limene Mafoni a Amayi Analowa m'Dengu

Sabata yathayi ndinayenda wapansi masiku anayi ndi mpongozi wanga, ndipo masiku atatu mwa amenewo ndinkamuweruza mumtima. Ndikulemba izi atandiloleza iye mwini. Mwamuna wake, amene ndi mwana wanga womaliza, sindinamupemphe chilolezo. Awerenge limodzi ndi inu.

Chaka chilichonse mvula ikatha, njira zitauma, amayi a mpingo wathu timanyamuka ku Mpamba kupita ku kachalitchi kakale ka njerwa kuseri kwa Usisya, m'njira ya ku Ruarwe. Timagona m'matchalitchi a m'njira, timakapemphera kumeneko, kenako timabwerera pa boti. Ulendowu anauyamba amayi athu ife tikadali atsikana. Ine ndauyenda kambiri. Mawondo anga akuti chaka chino chikhale chomaliza, koma akhala akunena mawu omwewo kwa zaka zisanu.

Chaka chino tinalipo amayi makumi atatu ndi awiri. Mafoni analipo makumi atatu ndi asanu.

Mpongozi wanga, Anyamhone, unali ulendo wake woyamba. Ndi mayi wofatsa wa ku Tukombo, wa ana awiri, wosakweza mawu ngakhale poingitsa nkhuku. Mwamuna wake ali ku Joni, chino ndi chaka chachinayi. Tisanafike pa mlatho woyamba, mayiyu anali atadzijambula kale kanayi. Pa chikwangwani cha sukulu, chithunzi. Pa mjigo, chithunzi. Titaima m'mbali mwa msewu kuti tipemphere, ndinatsegula diso limodzi, ndikuvomera, ndipo ndinaona dzanja lake lili m'mwamba. Silinali lokwezera kwa Mulungu. Ankafuna kuti amayi onse ogwada aoneke kumbuyo kwake.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti banja lake linali pa zithunzi zimenezo. Mwana wanga anali atamuuza kuti tsiku likadzadutsa popanda chithunzi chosonyeza pamene ali ndi anthu amene ali nawo, akadzatsika boti asadzabwerere kunyumba, adzalunjike kwawo ku Tukombo. Ndakuuziranitu msanga kuti inu musachite zimene ndinachita ine, zoseka munthu osadziwa chimene wasenza.

Koma amayi ena a pa ulendowu ndiwasekabe, pakuti akuyenera.

Pakati pathu panali anamwino a pachipatala chathu chaching'ono, Mayi Kachingwe, ochokera ku Dedza. Chifukwa cha iwo tinkayesetsa kuyankhula Chichewa ulendo wonse, ngakhale kuti phiri likakula aliyense ankabuula m'Chitonga. Foni ya anamwino imawerenga mapazi. Paliponse pamene tapuma, ankaitulutsa m'chikwama n'kulengeza ngati zotsatira za mayeso.

"Amayi, chinyamukire m'mawa taponda kokwana zikwi khumi ndi zinayi."

Anyachirwa, amene ndi apampando athu ndipo lilime lawo silitopa ngakhale miyendo itatopa, anali akumasula nsapato.

"Anamwino, kafoni kanuko kakunenanso kuti mwa mapazi amenewo opweteka ndi angati?"

Tsiku lachiwiri masana foniyo inatha moto tili pakati pa chitunda. Anamwino anakhala pa mwala, nkhope itagwa.

"Ndiye kuti kuyambira pamtsinje paja palibe chimene chalembedwa."

"Musadandaule," anatero Anyachirwa. "Ikadzatchajidwa tidzabwerera pamtsinje pomwepo, tidzayambirenso."

Kale tikafika pa tchalitchi chogonapo, funso loyamba linali lakuti madzi ali kuti, lachiwiri lakuti kodi m'mudzi muno mwagwa zovuta zoti tikapepese. Tsopano funso loyamba ndi soketi. Pa tchalitchi choyamba mkulu wa mpingo anatilandira atavala jekete, mawu ake atawalemba pa pepala. Iye akuwerenga kuti "alendo athu olemekezeka," maso a alendo olemekezekawo anali kukwera ndi kutsika m'makoma. Soketi inapezeka imodzi yokha, kuseri kwa guwa, yodalira sola. Pofika nthawi ya chakudya guwa linali litadzaza mafoni ngati Lamulungu la zopereka za masika.

Panabuka mkangano wa woyamba kutchaja. Anyachirwa analamula kuti titsate zaka zobadwa, akulu patsogolo. Apo ndinaona chozizwitsa choyamba cha ulendowu. Amayi amene kwathu amakana kuti sanafike zaka makumi asanu, tsiku limenelo anakumbukira zaka zawo zonse, ena mpaka kuwonjezerapo.

Ndipo ndikufunseni, owerenga: munthu amene akuimbiridwa foni kasanu pa tsiku, wachokadi pakhomo?

Anyabanda, amene ankayenda patsogolo panga, anayendetsa nyumba yawo yonse ali pamwamba pa phiri. Ife tikuimba nyimbo ya ulendo, iwo foni ili pakhutu: "Chinangwa chija muvuule lero, chiwola. Ayi, mchere uli m'chitini cha buluu. Chabuluu, ada. Mwatsegula chiti?" Amuna awo, bambo amene amayendetsa bwato mumdima osasochera, anasochera m'khitchini mwawo momwe masiku anayi.

Pali mayi wina amene sindimutchula, pakuti ndi m'bale wa kubanja la amuna anga. Anatsala kunyumba ponena kuti mutu ukumuvuta. Mayiyu anayenda nafe ulendo wonse pa gulupu ya amayi ya pa foni. Tikaika chithunzi, iye ndiye woyamba kulemba Ameni. Anatilangiza kuti tikuchedwa kunyamuka m'mawa. Tsiku lachiwiri anatenga chithunzi chathu tikukwera chitunda n'kuchiika pa tsamba lake la mchezo, pansi pake atalemba kuti, "Tili pa ulendo, mutikumbukire m'mapemphero." Ndamva kuti anthu ambiri anamupempherera, ndipo ena anamufunsa za matuza.

Sindikufuna kunamizira foni. Nanenso ndili nayo, ya mabatani, imene ndimaimanga m'kampango. Tsiku lachitatu phazi la mayi wina litatupa moti sakanathanso kuponda, anamwino anaimba foni, ndipo pasanathe maola awiri njinga yamoto inafika kudzamutenga. Kale tikanamunyamula pa chitenje mosinthana mpaka kumudzi wapafupi. Matchalitchi a m'njira ankadziwiratu nthawi imene tifike, madzi tinkapeza atatentha kale. Zimenezi ndi zabwino, ndipo wozikana ndi amene sanasenzepo mnzake pa phiri.

Komabe tsiku lomaliza lili ndi mwambo wake. Kuchokera pamene tagona ku Usisya kukafika pakhomo la kachalitchi kaja, sitiyankhula ndipo sitiimba. Aliyense amayenda ndi chimene wabwerera, ndipo sitifunsana. Wina wasenza mwana wodwala, wina mwamuna wa mowa, wina tchimo lake lomwe. Chaka chatha ndinaona kuti milomo inatsekadi, koma zala zinacheza njira yonse.

Choncho tsiku lachitatu, tikupuma pansi pa mtengo wa mango, ndinapita kwa apampando. Ndinawauza kuti mawa mafoni onse alowe m'dengu, dengulo lisenzedwe ndi munthu mmodzi, ndipo litsegulidwe mapemphero akatha. Sindinatchule dzina la munthu. Koma Mulungu akudziwa kuti ndikunena zimenezi, maso anga anali pa mpongozi wanga, amene nthawi imeneyo anali atakwera pa chulu, dzanja m'mwamba, kusaka netiweki.

Anyachirwa analengeza madzulo tikudya. Kunamveka kung'ung'udza.

"Nanga mapazi anga?" anafunsa anamwino.

"Dengu musenza ndinu," anayankha Anyachirwa. "Kafoniko kaziwerenga kali pamutu."

Tonse tinaseka. Anyamhone sanaseke. Ndinaona kuti anasiya kudya, koma ndinati ndi mwano wa ana a masiku ano, umene subwera ndi mawu.

M'mawa mwake dengu linaikidwa pakhomo la tchalitchi. Amayi ankabwera mmodzimmodzi, ena akuthimitsa foni mwachisoni ngati akusiya mwana kusukulu tsiku loyamba. Anyabanda anaimba komaliza kunena kuti mchere ukadali m'chitini chomwe chija. Anyamhone anatsalira. Ndinamuona akunong'oneza apampando, ndipo apampando analoza ine.

"Lamuloli mwini wake ndi uyo. Kambani ndi apongozi anu."

Anabwera, nagwada patali pang'ono monga amachitira nthawi zonse.

"Ama, ndili ndi mawu."

"Nenani, Anyamhone."

Kwathu kuno mkazi sanenera mwamuna wake kwa mayi wobereka mwamunayo, pakamwa pamakana. Anangotsegula foni, naipereka ndi manja awiri. Ndinavala magalasi.

Unali uthenga wa mwana wanga, wolembedwa tsiku limene tinanyamuka. Ndikuumasulira kuchokera m'Chitonga: "Maulendo a azimayi ndikuwadziwa, anzanga kuno andiuza. Tsiku lililonse ndione chithunzi, malo aoneke, anthu aoneke. Likadutsa limodzi, ukatsika boti upite kwanu."

Pansi pake panali zithunzi zonse zija. Mlatho. Mjigo. Amayi ogwada. Pa china panali ine ndikumanga nsapato, nkhope itakwinyika, ndipo mwana wangayo anayankha kuti, "Ama aoneke bwinobwino." Ndiye kuti masiku atatu onsewo, ine amene ndinkathawa kujambulidwa, ndinali mboni yosadziwa kuti ili pa mlandu.

Munthu amene analemba mawu amenewo ndinamuphunzitsa kugwira pensulo ndine.

Ndinabweza foniyo. Ndinati, "Anyamhone, ndalakwa ndine. Sungani foni yanu m'chitenje. Kwa apampando ndikanena ndekha, ndipo palibe amene akufunseni chifukwa."

Anayang'ana foniyo. Kenako anathokoza m'Chitonga, "Yewu, ama. Koma ayi. Masiku atatu ndayendera iwo. Chimene ndinabwerera sindinachiyambe n'komwe. Ndimafuna mudziwe chabe, kuti ndikadzapezeka ku Tukombo musadzati ndinathawa."

Anaimirira, nathimitsa foni, naiika m'dengu ndi dzanja lake. Anamwino anaphimba dengulo ndi nsalu, nalisenza.

Tinanyamuka.

Njira ya tsiku limenelo ndi yamiyala, yokwera ndi kutsika, madzi ali kumunsi kudzanja lamanja. Ndinali ndi zanga zimene ndinakonza kuti ndiyende nazo, koma sindinazikhudze. Ndinayenda kumbuyo kwa mpongozi wanga ndikuyang'ana zidendene zake zong'ambika, ndikuganiza za amuna a kunyanja kuno.

Amuna athu akhala akupita kutali kuyambira kalekale. Malemu bambo a ana anga anakhala ku Harare zaka zisanu ndi ziwiri. Kalata inkabwera kawiri pa chaka. Chithunzi chinabwera chimodzi, atavala suti imene ndinadzamva pambuyo pake kuti inali ya mwini nyumba yojambuliramo. Ine sindinatumize changa, pakuti kunalibe wondijambula. Ulendo womwewu ndinauyenda kanayi iwo ali kumeneko, ndipo ankaumva utatha.

Kodi ankandikhulupirira chifukwa anali oyera mtima kuposa ana a lero? Sindinganame pa munthu amene anagona. Anali munthu ngati anzawo, ndipo ku Harare nakonso kunali anzawo odziwa nkhani za akazi a eni. Kusiyana kwake n'kwakuti kukayika kwawo kunkayenera kugula sitampa. Kunkayenda pa sitima ndi pa basi milungu ingapo, ndipo pofika ku Mpamba kunkakhala kutazirala, kutasanduka funso la mbuzi ndi denga. Lero kukayika kumafika kukadali kotentha. Mnzako akunong'oneze mawu pa chakudya chamasana, mkazi wako awalandira asanatsuke mbale.

Timati foni yafupikitsa mtunda, ndipo n'zoona. Koma yafupikitsanso chingwe.

Ndinakumbukiranso nkhope za m'mawa uja pa dengu. Anamwino ankadandaula mokweza, Anyabanda chimodzimodzi, ndipo odandaula mokweza sindiwadera nkhawa. Koma panali amayi ena awiri achitsikana, amuna awonso ali kunja, amene anaika mafoni awo mwakachetechete. Ine ndinali nditawaika onse m'gulu limodzi la okonda kudzionetsa. Kodi mwa zithunzi zonse zimene timaziseka pa masamba a mchezo, za amayi omwetulira pa milatho ndi pa zikwangwani, n'zingati zimene zili zokondwa, ndipo n'zingati zimene zili malipoti?

Pali chinanso chimene chinkandivuta. Nkhani za banja zili ndi eni ake. Pali ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo mayi wolowerera banja la mwana wake, ngakhale atakhala wolungama chotani, amatuluka ndi dzina loipa. Ndakhala zaka khumi ndikusamala kuti ndisalowe m'nyumba ya Anyamhone osaodira, ndisafunse zimene atumiziridwa, ndisanene kuti ndiwo zachepa mchere. Koma akulu anati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Amene analemba uthenga uja ndi wanga, ndipo dengu linali langa.

Tinafika dzuwa litapendeka pang'ono. Kachalitchi kaja n'kakang'ono, moti ena anagwada panja. Za m'mapemphero sindilemba. Ndingoti mpongozi wanga anagwada nthawi yaitali kuposa tonse, ndipo chimene anabwerera sindinamufunse, sindidzamufunsanso.

Titatuluka, dengu linatsegulidwa. Kumeneko netiweki imapezeka pamalo amodzi okha, pamwamba pa mwala waukulu kuseri kwa tchalitchi, ndipo eni mudzi anatilozera tisanafunse n'komwe. Amayi amene mphindi zingapo zapitazo sankatha kudzuka pogwada, anakwera mwalawo ngati mbuzi. Anamwino anatsika akumwetulira; mapazi onse analembedwa.

Anyamhone anakwera pomalizira. Foni yake itangogwira netiweki inayamba kulira mosalekeza, mauthenga akulowa motsatizana. Sanawatsegule. Anaima pamwambapo ataigwira ngati mbale yotentha.

Ndinaitana Anyachirwa ndi Anyabanda kuti andikweze. Wina anakoka dzanja, wina anakankha kumbuyo, ndipo Anyachirwa ananena mawu okhudza kulemera kwanga amene sindiwabwereza m'nyuzipepala.

"Anyamhone," ndinatero nditapeza mpweya, "za banja lanu sindilowamo, zili ndi ankhoswe. Koma ndatha masiku osamva mawu a mwana wanga. Mungandibwereke foni ndimupatse moni?"

Anandiyang'ana, kenako anaimba yekha, nandipatsa.

Inangolira kamodzi.

"Unali kuti tsiku lonse?" anakalipa mwana wanga, akuyesa ndi mkazi wake.

"Ndinali m'tchalitchi, Yotamu," ndinayankha, n'kumupatsa moni wa m'Chitonga. "Mwe uli kumeneko?"

Dzina limenelo ndinalisiya tsiku limene anakwatira. Chiyambire pamenepo ndimamutchula ndi dzina la mwana wake woyamba, monga ayenera bambo wa pakhomo. Atalimva anadziwa kuti sindikuyankhula ndi bambo wa pakhomo.

"Ama? Ndinu?"

"Ndine. Funso lako ndalimva. Foni ya mkazi wako inali m'dengu kuyambira m'mawa, ndipo dengulo ndinalamula ndine. Ngati pali wopita kwawo chifukwa cha lero, ndine. Koma kwathu kunatha anthu, ndiye undiuze kumene ndilowere."

"Ama, si choncho. Inu simukudziwa zimene anthu amakamba kuno."

"Sindikudziwa. Ndikudziwa zimene ndaona kuno. Mkazi wako wagona pambali panga masiku atatu, mkeka umodzi, ndipo ndamva ndi mkonono wake womwe. Anzako akukuuza nkhaniwo anagona naye pafupi kuposa ine?"

Pansi pa mwala Anyachirwa anatsokomola. Anyamhone anaphimba nkhope ndi chitenje.

"Ine ndimangofuna kudziwa kuti ali bwino," anatero mwana wanga, mawu atatsika.

"Ndakondwa kumva zimenezo, pakuti nanenso ndikufuna kudziwa kuti uli bwino. Zaka zinayi sindinaone pamene umagona. Kuyambira mawa, m'mawa ndi madzulo, unditumizire chithunzi. Chitseko chioneke, m'nyumba muoneke, ndi aliyense amene ali m'menemo aoneke. Likadutsa tsiku limodzi, ndidziwa chochita."



"Ama, foni yanu ija ndi ya mabatani. Siilandira zithunzi."

"Ndikudziwa. Uzitumiza pa foni ya mkazi wako. Ine ndiziona pomwepo."

Anati mayunitsi akutha. Ndinamukumbutsa kuti taimba ndife. Anati abwana akumuitana. Ndinamuuza kuti apite, ntchito ndi yofunika, ndipo ndinamudalitsa monga ndimachitira nthawi zonse, pakuti ndi mwana wanga ndipo ndikudziwa kuti kumene aliko amagona m'kachipinda kozizira, amadya yekha, ndipo munthu wosungulumwa amamva mawu alionse.

Kutsika pa mwala kunavuta kuposa kukwera.

M'mawa mwake tinakwera boti. Ulendo wonse wa pamadzi mpongozi wanga anakhala pafupi nane, foni ili pamiyendo. Ine ndinali ndi mantha, sindibisa. Mawu a mayi amatha kufewetsa mwana, amathanso kumuumitsa, makamaka akadziwa kuti mkazi wake wamva akudzudzulidwa. Ndinkadzifunsa ngati sindinawonjezere moto pamene ndinkayesa kuthira madzi.

Titatsika ku Nkhata Bay, oitanira minibasi anatizungulira. Ena ankaitanira za ku Chintheche ndi Tukombo, ena za ku Mpamba. Amayi anathamangira ya ku Mpamba kukalimbirana mipando. Anyamhone anaima pakati ndi chikwama chake. Sindinamugwire dzanja. Si ine amene ndinauzidwa kuti ndipite kwathu.

Anatsegula foni, nawerenga, nandionetsa. Pamwamba panali mauthenga aukali a dzulo lake, khumi ndi angapo. Pansi pake panali umodzi wa m'mawa umenewo: "Ana akukudikira kunyumba."

Kupepesa kunalibemo. Mwana wanga anatengera bambo ake, amene m'moyo wawo wonse ankapepesa pogula sopo.

"Ama," anatero Anyamhone, "ndikwera ya ku Mpamba, chifukwa ana anga ali kumeneko, ndi munda wanga. Koma chithunzi chakuti ndakwera sinditumiza."

"Musatumize," ndinatero.

Tinakhala mpando umodzi. Anyabanda anali ataimba kale kunyumba, kufunsa ngati chinangwa chinavuulidwa. Sichinavuulidwe.

Sindikunena kuti nkhaniyi yatha. Mawu akuti "upite kwanu" sanenedwa mwamasewera, ndipo akanenedwa sabwezedwa ndi uthenga wa pa foni. Ndatumiza mawu kwa ankhoswe a mbali yathu kuti mwana wanga akadzabwera pa Khirisimasi adzakhale pansi ndi a ku Tukombo, monga mwa mwambo. Ine pa bwalo limenelo sindidzakhalapo, si langa.

Za chaka chamawa, apampando andifunsa ngati dengu lidzakhaleponso. Ndawauza kuti lidzakhalepo, koma tidzalengeze tisananyamuke ku Mpamba, m'tchalitchi, amuna ndi abale onse akumva, kuti tsiku lachinayi amayi sapezeka, ndipo wofuna umboni abwere adzayende nafe. Nsapato tidzamubwereka.

Pamene ndikulemba pano padutsa masiku asanu. M'mawa uliwonse mpongozi wanga amabwera kudzandipatsa moni, ndipo ndimamufunsa ngati ku Joni kwachokera chithunzi changa. Amayankha mwaulemu kuti sichinafike. Ndimamufunsanso ngati kwachokera pempho la chithunzi chake. Nalonso silinafike.

Tsono ndikufunseni inu abambo amene muli ku Joni, ku Lilongwe, ngakhale pa Mzuzu pomwepa, amene simugona mpaka mutaona mlatho umene akazi anu awoloka lero. Amayi anu atakuuzani kuti mujambule chitseko chimene mwatulukira m'mawa uno, ndi onse amene mwawasiya m'katimo, n'kutumiza pa foni ya akazi anu, chithunzicho chingafike nthawi yanji?